Ndikatumiza quotation amangoti zii, nditani?

Moni nonse m'gulu muno. Ndimapanga sopo wamadzi ku Area 25 ku Lilongwe, ndipo ndimagulitsa m'zigubu za malita 5 ndi 20 kumalo ogona alendo ndi m'sukulu zapulayiveti. Ndikafika amandilandira bwino, sampulo amatenga, quotation (pepala la mitengo) amapempha okha, koma ndikatumiza basi zii.

Ndayesa kuimba foni, kulemba pa WhatsApp, mtengo ndinatsitsanso. Pamalo ena mayi oyang'anira zotsuka anachita kundionetsa thovu m'ndowa, akuti sopoyu ndi wabwino, koma wosainira LPO (chikalata choitanitsira katundu) ndi akauntanti amene sindinawaonepo n'kamodzi komwe.

Inu amene mumagulitsa kumakampani, wosainayo mumamufikira bwanji popanda kukhumudwitsa amene anakulandirani poyamba? Nanga mumadikira masiku angati musanakumbutse? Chonde ndithandizeni, zigubu zangodzaza m'nyumba.