Ndinayesa self-hypnosis kuti mtima ukhale pansi: kodi zimene ndinakumbukira ndi zoona?

Mphunzitsi wa ku Namwera analemba kuti:

Ndikupereka moni kwa nonse. Ndine mayi wa ana atatu ndipo ndimaphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Namwera. Chimwalirireni mayi anga chaka chatha, tulo takhala tikundithawa. Ndimalowa m'nyumba cha m'ma 9 koloko, koma maganizo amangozungulira m'mutu: ngongole ya kubanki m'khonde, fizi ya mwana wanga wa Fomu 2, mawu amene ndinayankha mphunzitsi mnzanga mosaganiza bwino, mpaka ndimamva azana ya m'bandakucha kumzikiti wapafupi ndisanatseke n'komwe maso. Chimene chikundiwawa koposa ndi ukali umene umandigwira m'kalasi, chifukwa kale sindinali munthu wokalipira ana, ndipo sindikudziwa kumene ukaliwu ukuchokera.

Mwezi wathawu ndinapeza pa YouTube mawu a bambo wina wolankhula Chingerezi pang'onopang'ono, amene amaphunzitsa chimene amachitcha self-hypnosis. Ana atagona, ndinkayala mphasa pabalaza, n'kuyang'ana msomali umodzi wa pakhoma, n'kumawerenga chobwerera kuyambira 10 mpaka 1 monga mmene iye ankanenera. Usiku wachitatu mikono yanga inalemera ngati matumba a mchenga wonyowa, thupi lonse linangoti zii, ndipo mwadzidzidzi ndinadziona ndili kamtsikana, nditaima pakhomo la nyumba yathu yakale. Mayi anali atakhala pakhonde lichero lili pamiyendo, akulira, ndipo azakhali anga anali ataima patsogolo pawo akuwakalipira za munda. Zimenezi sindinazikumbukirepo moyo wanga wonse. Kuchokera usiku umenewo mtima wanga wawatembenukira azakhaliwo, moti ndasiya kupita kukawaona ngakhale kuti ndi okalamba ndipo miyendo imawavuta.

Nditafotokozera mnzanga wa kukwaya, anandichenjeza kuti zoterezi zimatsegulira ziwanda khomo. Ndikupempha amene mukudziwa mundithandize. Kodi chinandichitikira m'thupi n'chiyani, nanga chithunzi chimene ndinaonacho ndichikhulupirire? Cholinga changa chinali kudzidziwa ndekha, koma tsopano ndasokonezeka kuposa poyamba.

Wazachipatala wopuma, Mangochi Boma, anayankha kuti:

Mayi mphunzitsi, pepani chifukwa cha imfa ya mayi anu. Ndiyamba ndi za thupi, popeza n'zimene ndinagwirako ntchito zaka zambiri.

Hypnosis ndi mkhalidwe umene munthu amaika maganizo ake onse pa chinthu chimodzi mpaka zina zonse zimazimiririka, ndipo pa nthawi imeneyo amalandira mosavuta zimene akuuzidwa kapena zimene akudziuza yekha. Dzinali linatchuka chifukwa cha James Braid, dokotala wa ku Scotland amene ankagwira ntchito ku Manchester ndipo analemba za nkhaniyi mu 1843. Linachokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza tulo, ngakhale kuti munthuyo sakhala m'tulo ayi, amamva zonse ndipo akhoza kudzuka pamene wafunira. Braid asanabwere kunali Franz Mesmer, amene ankanena kuti pali mphamvu ina yosaoneka yoyenda kuchokera kwa wochiritsa kupita kwa wodwala. Mu 1784 mfumu ya ku France inasankha akatswiri, mmodzi mwa iwo Benjamin Franklin wa ku America, kuti afufuze zimenezi. Iwo ankamanga anthu nsalu kumaso, ndipo anapeza kuti munthu ankagwedezeka akangokhulupirira kuti akumuchitira mwambowo, ngakhale pamene panalibe chimene chikuchitika, ndipo sankamva kanthu akamamuchitira iye asakudziwa. Choncho mphamvuyo inali m'maganizo a munthu mwini wake. Kulemera kwa mikono kumene kunakuchititsani mantha ndi minofu imene yamasuka pamene maganizo akutsatira mawu akuti "mikono ikulemera". Dokotala wina wa ku Germany, Johannes Schultz, anakonza njira yonse yopumulitsira thupi yozikidwa pa kumva kulemera ndi kufunda kwa ziwalo, ndipo anaifalitsa mu 1932. Za ziwanda ndisiyira atsogoleri a chipembedzo chanu, koma zonse zimene mwafotokozazi zili ndi tanthauzo lake m'thupi.

Pamene ndikufuna mumvetsetse kwambiri ndi pa chithunzi chija. Ambirife timaganiza kuti ubongo umasunga zakale ngati vidiyo ya mufoni, yoti ukangoitsegula imaonetsa zomwe zinachitika ndendende. Zoona zake n'zakuti nthawi iliyonse imene tikukumbukira, ubongo umalumikiza zidutswa: kanthu kamene tinaonadi, nkhani imene tinamva akuluakulu akukamba, mantha athu, ndiponso chisoni cha lero. Munthu akakhala mu hypnosis zithunzi zimabwera zowala kwambiri ndipo amatsimikiza ndi mtima wonse kuti ndi zoona, koma kutsimikizako sikuwonjezera kulondola kwake. Katswiri wa ku America Elizabeth Loftus anaonetsa m'zaka za m'ma 1990 kuti anthu ena akuluakulu akhoza kufika pokumbukira kuti anasochera m'sitolo yaikulu ali ana, pamene sizinachitike, kungoti anauzidwa kuti wachibale wawo ndi amene wanena. N'chifukwa chake makhoti ambiri a ku America amakana kapena amaika malire pa umboni wa munthu amene anakumbutsidwa zinthu ndi hypnosis.

Inu mumadziwa nyanja yathuyi. Mwera ukaleka madzi n'kukhala bata, umaona mchenga ndi tinsomba pansi, zimene sukanaziona pa mafunde. Koma m'madzi abata omwewo, ukaviika nkhafi imaoneka yopindika pomwe ili yowongoka. Mtima wodekha umaonetsa zambiri, koma si zonse zimene waonetsa zili monga mmene zikuonekera. Chimene ndikuchikhulupirira pa chithunzi chanu ndi chisoni ndi ukali umene unatuluka nacho, chifukwa zimenezo ndi zanu ndipo zilipo lero. Zoti azakhali anu anachitadi zimenezo ndi nkhani ina, yofunika mboni. Funsani amalume anu kapena mkulu wanu ngati kunali mkangano wa munda, ndipo musayambe mwawafotokozera zimene munaona, kuti angangokuvomerezani.

Mwalimu wa ku Mpondasi anayankha kuti:

Achemwali anga, ine ndine Msilamu ndipo ndimaphunzitsa ana kumadrasa, choncho ndilankhula kuchokera kumene ndaima. Ndikugwirizana ndi abambo a zachipatalawa pa nkhani ya azakhali, ndipo ndiwonjeza kuti kudula ubale ndi chinthu cholemera kwambiri kwa ife, moti sindingalole kuti chithunzi cha usiku umodzi chikulekanitseni ndi mlongo wa bambo anu.

Pamene ndikusiyana nawo pang'ono ndi apa. Iwo akuti palibe choopsa chifukwa zonse zikuchitika m'maganizo mwanu. Ine ndikuti chifukwa chomwecho n'chimene chikundidetsa nkhawa. Ngati mumkhalidwe umenewu munthu amalandira mosavuta zimene akuuzidwa, ndiye kuti muyenera kusamala kuti khutu lanu mukulipereka kwa yani. Bambo wa pa YouTube uja simukumudziwa, sakudziwani, sakudziwa kuti muli pachisoni, ndipo akulankhula m'chinenero chimene mawu ena akhoza kukudutsani musanawayese bwino.

Kukhazika mtima pansi si chinthu chachilendo kuno kwathu. Tikamaliza swala timakhala pansi ndi tasbihi m'manja, n'kutchula Subhanallah ka 33, Alhamdulillah ka 33 ndi Allahu Akbar ka 33, ndipo amene amachita zimenezi mosathamanga amadziwa mmene mpweya umatsikira ndi mmene mapewa amagwera. Anansi anga Akatolika amachita zofanana ndi kolona. Koma pa nkhani ya kudzidziwa, chimene chandithandiza ine ndi muhasaba, kutanthauza kudziwerengera wekha mlandu, chimene Imam al-Ghazali, katswiri wa maphunziro a Chisilamu amene anamwalira mu 1111, anachiphunzitsa kwambiri. Usiku usanagone umalibwereza tsiku lonse kuyambira m'mawa, monga wamalonda amawerengera ndalama zake akatseka okala, n'kudzifunsa kuti ndi pati pamene ndinapsa mtima, chinachitika n'chiyani ndisanapse mtima, ndipo ndinkaopa chiyani. Ndinamva kwa mnzanga wina wa ku seminale kuti Ignatius wa ku Loyola, wansembe wa Chikatolika wakalekale, anasiyira Akhristu chizolowezi chofanana ndi chimenechi. Ubwino wake ndi wakuti ukufufuza za lero, zimene zili ndi mboni ndipo ukhoza kuzikonza mawa, osati za zaka makumi atatu zapitazo zimene eni ake ena ali kumanda.

Mayi wa geni ya usipa, Monkey Bay, anayankha kuti:

Aphunzitsi, ine mbiri ya zinthuzi sindiidziwa, koma ndifotokoza zimene ndimachita. Ndimafika kudoko kusanache kukadikira mabwato, ndipo m'malo moyamba macheza ndimakhala pa beseni langa lovundikira, n'kumapuma mpweya ndikuwerenga mpaka 4 polowetsa ndi mpaka 6 potulutsa, kwa mphindi khumi zokha. Maganizo amathawa ndithu, amapita ku mtengo wa usipa ku Limbe, amapita kwa amene sanandibwezere ndalama, ndipo ndikazindikira kuti athawa ndimangowabweza ku mpweya popanda kudzikalipira. Masabata awiri oyamba sindinaone kusintha kulikonse. Patapita nthawi ndinayamba kuona kuti ngakhale maganizo anga amayambira kosiyanasiyana, onse amakathera pamalo amodzi, pa mantha oti anthu andiseka ndikadzagwa pa geni monga anasekera mayi anga. Ndinali ndisakudziwa kuti mantha amenewo ndi amene ankandichititsa kukongola ndalama za katapila kuti ndioneke kuti zikuyenda. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kwa ine zinatenga miyezi.

Wazachipatala wopuma, Mangochi Boma, anayankhanso kuti:

A Mwalimu anena zoona pa nkhani ya kusamala mawu amene tikumvera, ndipo ndikuvomereza kuti ndinaipeputsa mbali imeneyo. Munthu amene ali pachisoni chachikulu, kapena amene anakumanapo ndi nkhanza, si bwino kuti azikumba zakale yekha usiku motsogoleredwa ndi mawu ojambulidwa.

Zimene akuchita mayi a ku Monkey Bay zili ndi maziko ake. Munthu wamkulu akakhala phee amapuma ka 12 mpaka ka 20 pa mphindi, koma kuwerenga 4 ndi 6 kumatsitsa kupumako kufika pafupifupi ka 6. Potulutsa mpweya pang'onopang'ono, mtsempha wotchedwa vagus umachepetsa kugunda kwa mtima, ndipo thupi limalandira uthenga woti palibe choopsa. Herbert Benson, dokotala wa pa yunivesite ya Harvard ku America, analemba mu 1975 kuti kubwereza liwu limodzi, pemphero lalifupi kapena mpweya, n'kumabwerera mofatsa maganizo akathawa, kumabweretsa kupumula kotereku, ndipo munthu akhoza kusankha mawu ogwirizana ndi chikhulupiriro chake. Pamenepa ndi pamene kusinkhasinkha kukusiyana ndi self-hypnosis: posinkhasinkha umangoyang'ana maganizo akubwera ndi kupita, pamene mu hypnosis umawalozera kumene apite. Njira yachiwiriyi imathandiza ena kuchepetsa ululu kapena mantha, koma pofuna kudzidziwa ndimakonda yoyambayo.

Mayi mphunzitsi, chaka chathunthu cha kusowa tulo si chinthu chochinyalanyaza. Ngati chilakolako cha chakudya chatha, ngati zimene munkazikonda sizikukusangalatsaninso, makamaka ngati mukubwerwa ndi maganizo ofuna kudzivulaza kapena mukumva mawu amene ena sakuwamva, pitani kuchipatala cha boma mukafunse wa zaumoyo wa m'maganizo, musadikire kuti kupuma mpweya kuthetse zimenezo. Matenda okhumudwa amachizika. Tiyi wamasamba wa madzulo mumusiyenso, ndipo foni izigona patali ndi mphasa.

Mphunzitsi wa ku Namwera anabweranso n'kulemba kuti:

Zikomo kwambiri nonse, ndipo pepani kuti ndatenga masabata atatu ndisanayankhe. Ndinafuna ndiyambe ndayesa zimene munandiuza.

Ndinawaimbira achimwene anga aakulu amene ali ku Johannesburg, n'kuwafunsa ngati kwathu kunakhalapo mkangano wa munda. Anati unalipodi, ndipo mayi analira masiku ambiri, koma iwo akukumbukira kuti amene ankalimbana nafe anali a banja loyandikana nalo, ndiponso kuti chaka chimenecho ine ndinkakhala kwa agogo ku Malindi. Za azakhali anati sakukumbukira ngati analipo kapena ayi. Sindinganene kuti mtima wayera kotheratu, chifukwa chithunzicho chikadali chowala m'maso mwanga, koma ndasiya kuchitenga ngati umboni.

Mawu a pa YouTube aja ndinawasiya. Madzulo ndimakhala pakhonde mphindi khumi ndikupuma monga anafotokozera mayi a ku Monkey Bay, ndikubwereza mawu ochepa a m'salimo limene mayi ankalikonda, kenaka ndimalemba m'kope lakale la ana pamene ndinapsa mtima tsiku limenelo. Nditawerenga zimene ndalemba masiku 18, ndinaona chinthu chimene sindinkachiyembekezera. Ana aphokoso sandikwiyitsa kwenikweni. Ukali umabwera mwana akalakwiridwa ndi mnzake n'kungokhala chete, mutu uli pansi, osadziteteza. Pali kamtsikana kena kamene kamakhala kutsogolo pafupi ndi zenera, kamene anzake amakalanda pensulo iko n'kumangopukuta misozi ndi kolala ya yunifolomu, ndipo ndapeza kuti ndakakalipira kanayi konse m'malo mokalipira olandawo. Mayi anga anali otero, sankabwezera munthu mawu, ndipo m'miyezi yawo yomaliza kuchipatala ine ndinalephera kuwalankhulira pamene ankafunika wowalankhulira. Lachiwiri lapitali ndinakaitana kamtsikanako pa nthawi yopuma, ndinakapepesa, ndipo ndinakasamutsira pafupi ndi tebulo langa.

Tulo tayamba kubwera cha m'ma 12 koloko, ngakhale kuti masiku ena ndimadzukabe pakati pa usiku. Loweruka lino ndikupita kwa azakhali ndi shuga ndi sopo. Abambo a zachipatala, popeza chakudya ndikudya bwino ndipo maganizo oipa aja ndilibe, kodi ndipitebe kukaonana ndi a zaumoyo wa m'maganizo panopa, kapena ndiyambe ndaona mmene mwezi uno uthere?