A mabizinesi ang'onoang'ono tilowe bwanji pa MANEPS, njira ya boma yogulira katundu pa intaneti? Ndithandizeni

Moni nonse apagulu. Ndine mayi wa bizinesi yaing'ono pa Chitakale, ku Mulanje. Ndimagula nandolo, nyemba ndi chimanga kwa alimi kuyambira kuno mpaka ku Muloza, n'kumapereka m'masukulu ogonera komweko ndi m'zipatala.

Lamulo la 2017 litabweretsa PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma, m'malo mwa ofesi yakale ya ODPP, tinaona kusintha pang'ono, koma chomwe chinatitsegulira khomo ndi MSME Order ya 2020, yoti zinthu zina boma lizigula kwa ife a mabizinesi ang'onoang'ono. Njira yake tinaizolowera: satifiketi ya PPDA, TPIN (nambala ya msonkho), tax clearance ya ku MRA (kalata yosonyeza kuti za msonkho zili bwino), kotesheni mu envulopu, basi.

Tsopano zogula za boma zikusamukira pa intaneti kudzera pa MANEPS. Sindikutsutsa ayi, maenvulopu aja ankabisa zambiri. Nkhawa yanga ndi yoti mwayi womwe lamulo linatipatsa ungatipulumuke chifukwa chosowa kompyuta. Ine ndili ndi foni yokha, ndipo netiweki kuno m'munsi mwa phiri imathawa mvula ikangoyamba. Pali mnyamata wina ku Limbe akuti ndimulipire andilembetse, azinditumizira makotesheni, koma akufuna akaunti ikhale pa imelo yake. Mtima ukukana. Amene mwalembetsa kale, kodi foni ikukwanira? Nanga mapepala oyenera kukhala nawo pafupi ndi ati?

China ndi mitengo. Kwacha itagwa ndi 44% mu November 2023, ndinali nditapereka kale nyemba kwinakwake pamtengo wakale, ndalama n'kudzabwera zosagulanso matumba omwewo. Anzanga mukumalemba kuti kotesheni igwire ntchito masiku angati?

Bambo wina wa ku Luchenza:
Mayi, za imelo ya munthu wina musalole. Akaunti ndi dzina la bizinesi yanu, chilichonse chotumizidwa mmenemo mudzayankha ndinu. Tsegulani imelo yanuyanu, mapepala onse muwasikane mukhale nawo pafoni. Tsiku lotumiza pitani pamalo a kompyuta pa boma, mukhale pambali pa wokuthandizaniyo pomwepo, ndipo musadikire tsiku lomaliza.

Mayi wina wa ku Bvumbwe:
Achemwali, ife a ndiwo zamasamba timalemba masiku ochepa, chifukwa kabichi mtengo wake sugona. Koma onani kaye masiku omwe ofuna katunduwo alemba pa pepala lawo, mukachepetsa akutayani. Katundu asatuluke musanagwire LPO, kalata yawo yoitanitsa katundu, ndipo delivery note, pepala losonyeza kuti katundu walandiridwa, isainidwe ndi kudindidwa tsiku lomwelo.