Kuwonjezera pa funso la ululu wa nsagwada pambuyo pa khansa ya m'kamwa

Munafunsa chifukwa chake khosi ndi nsagwada zikupwetekabe patatha chaka chichotsereni chotupa. Tinayankha za mitsempha yodulidwa pa opaleshoni, koma mbali ya radiotherapy, chithandizo chopha khansa ndi cheza, tinaisiya.

Cheza chake chimaumitsa minofu pang'onopang'ono, nsagwada n'kumalimba. Imikani zala zitatu pakati pa mano akutsogolo. Zikakana kulowa, pakamwa payamba kuchepa. Pakamwa pakamatseguka mamilimita 35 okha kapena kucheperapo, madokotala amati trismus. Tambasulani nsagwada kangapo tsiku lililonse, osadumphitsa. Pa ululu wotentha ngati moto, paracetamol saphula kanthu kwenikweni. Dokotala amalemba amitriptyline kapena gabapentin.

Dzino lisazulidwe musanauze dokotala wa mano za radiotherapy ija, chifukwa fupa la nsagwada limavuta kupola, mwinanso kufa kumene. Khutu limodzi likayamba kupweteka mwatsopano, musadikire tsiku lanu lokaonana ndi dokotala, khansa imatha kubwerera motero.