Kodi mchenga wakuda wa ku Chipoka ungatulutse haidrojeni?

Mphunzitsi wa ku Chipoka:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndimaphunzitsa sayansi Fomu 4. Dzulo timakamba za akatswiri a sayansi Fujishima ndi Honda a ku Japan, omwe mu 1972 anaonetsa kuti titanium dioxide ikawombedwa ndi kuwala imagawa madzi, n'kutuluka haidrojeni ndi okosijeni. Mtsikana wina anakweza mkono: "Nanga mchenga wakuda wa kunyanja kuno suli ndi titanium?" Akunena zoona, muli ilmenite, timiyala takuda tokhala ndi titanium. Ndiye ndikauthira m'beseni la madzi n'kuika padzuwa la Salima lino, mpweya utuluka? Sindikufuna kumugwetsa ulesi mwanayu.

Mayi wa pa Kamuzu Road:
Sutuluka, aphunzitsi. Mu ilmenite titanium imagwirana ndi chitsulo, mpaka ayenge kufakitale. Koma ngakhale yoyengedwayo ili ndi vuto lake. Kugawa madzi kumafuna mphamvu yosachepera 1.23 eV (eV ndi muyeso wa mphamvu ya elekitironi), pamene titanium dioxide elekitironi yake siidzuka mpaka ilandire 3 eV kapena kuposerapo. Kuwala kwa mphamvu yotere ndi UV basi, kuwala kosaoneka ndi maso, kosakwana magawo 5 pa 100 a dzuwa. Kwina konse kumapita pachabe. Komanso elekitironi ikadzuka, kawirikawiri imabwerera m'dzenje lomwe yachoka isanafike pamwamba pokumana ndi madzi. N'chifukwa chake akatswiri amamwazapo timadontho ta chitsulo cha platinum kuti tiigwire, ndipo amayesa kusakaniza nayitrojeni kuti ufa wa titanium dioxide uzilandira kuwala komwe timaona.

Wa magetsi ku Nkhotakota:
Ndiwonjezere, mayi. Gulu la Kazunari Domen ku Japan linayala mapanelo a 100 square metres a strontium titanate, ufa winanso wa titanium wogawa madzi padzuwa, n'kulengeza zotsatira mu 2021. Mphamvu ya dzuwa yomwe inasanduka haidrojeni inafika 0.76 peresenti yokha. Mapanelo a sola ngati a pa Nanjoka ku Salima paja, a 60 MW, amasandutsa pafupifupi 20 peresenti ya mphamvu ya dzuwa kukhala magetsi. Chomwe chimandiopsa ine n'choti pa mapanelo a Domen aja haidrojeni ndi okosijeni zimatuluka zosakanikirana, ndipo zimatha kuphulika. Kuzilekanitsa ndi ntchito inanso.

Mayi wa pa Kamuzu Road:
Anawo aonetseni kugawa madzi ndi magetsi a sola chonchi: kasola kakang'ono, mapensulo awiri osongola mbali zonse, ndi madzi a soda wophikira m'tambula; mulumikize mawaya a kasolako ku mapensulowo n'kuviika nsonga zinazo m'madzimo. Musathire mchere, umatulutsa chlorine. Pensulo yochita thovu lambiri ndiyo ya haidrojeni.

Mphunzitsi wa ku Chipoka:
Zikomo kwambiri nonse. Lolemba ndipita ndi kasola kanga kotchajira foni. Mtsikanayo ndamuuza abweretse mchenga wake m'botolo, tikaupatule ndi maginito, aone yekha chitsulo chomwe mwanenacho.