Kuyeza benzene mu mpweya wa pantchito: akudutsa bwanji m'chubu?

Akatswiri anzanga, ndithandizeni nzeru pa kuyeza benzene, uja amayambitsa khansa ya m'magazi, pamalo otsukira zitsulo ndi mankhwala osungunula girisi.

Njira ndi ya NIOSH 1501 (NIOSH ndi bungwe la ku America lofufuza za umoyo ndi chitetezo pantchito): chubu cha makala ogwira benzene wa mu mpweya, mamiligalamu 100 kutsogolo ndi 50 kumbuyo, chopanidwa pakolala ya wantchito pafupi ndi mphuno. Pampu ikukoka malita 0.05 pa mphindi kwa maola 8, onse pamodzi malita 24, osafika n'komwe pa malire a malita 30. Koma ku labotale, benzene wa m'gawo lakumbuyo akuposa 10 peresenti ya wakutsogolo, kusonyeza kuti wina anadutsa osagwidwa. Ndiye 0.7 ppm (magawo a benzene pa magawo miliyoni imodzi a mpweya) yomwe yatuluka ndi yokayikitsa, chikhalirecho ili pakati pa 0.5 ppm, pomwe OSHA, bungwe la boma la America loyang'anira chitetezo pantchito, imati muyambe kuchitapo kanthu, ndi malire a 1 ppm.

Ndikuganizira chinyezi, poti pamalopo pamatuluka nthunzi, komanso toluene (mankhwala ena osungunula girisi) wochuluka amene angalande malo pamakala. Kodi ndigawe shifiti pa machubu anayi, chilichonse maola awiri, kapena ndisinthire ku chubu chachikulu cha mamiligalamu 400 kutsogolo ndi 200 kumbuyo? Nanga machubu akagonera masiku angapo kunja kwa firiji, benzene sangasamukire yekha kumbuyo? Za carbon disulfide, mankhwala amene labotale imachotsera benzene pamakala ndipo nthawi zina amakhala ndi benzene wakewake, musavutike nazo, chubu chosakokedwa mpweya chinatuluka chopanda benzene.