Makhadi akale a nthabwala za galimoto: zaka zake tingazidziwe bwanji?

Wa ku Kamwendo: Akuluakulu, ndili ndi mapositikhadi 9 ojambula pamanja. Ina ikuonetsa bambo ali chagada kunsi kwa galimoto, mayi atakwiya pampando. Ina, hatchi ikukoka galimoto yakufa. Ena adiresi yake ndi Fort Manning. Ndi a liti, nanga ndiwasunge bwanji? Ayamba madontho ofiirira.

Gogo wa pa Boma: Achimwene, musathamangire chithunzicho, tembenuzani khadiyo. Ngati kumbuyo kuli mzere pakati, uthenga kumanzere adiresi kumanja, ndiye kuti si ya kale kuposa 1902, chaka chimene Britain inaloleza zimenezi. America inatsatira mu 1907. Kenako adiresiyo. Fort Manning ndi Mchinji yathu yomweyi, ndipo dzina loti Nyasaland linayamba mu 1907. M'mbuyomo ankalemba British Central Africa. Onaninso nkhope ya mfumu ya Britain pa sitampa: Edward VII analamulira 1901 mpaka 1910, George V 1910 mpaka 1936. Koma chidindo cha positi chimangonena tsiku lotumiza, khadi imatha kugona m'sitolo zaka.

Chithunzi nachonso chimaulula. Galimoto ikakhala ndi nambala, ndiye kuti ndi 1904 kupita mtsogolo, poti ndi pamene lamulo la manambala linayamba ku Britain. Lamulo lomwelo linaika liwiro la mamailosi 20 pa ola, n'chifukwa chake makhadi ambiri amaseka wapolisi wobisala pathengo, wotchi ili m'manja. Pakona yang'anani siginecha ya wojambula ngati Tom Browne kapena Lance Thackeray, kumbuyo dzina la kampani ngati Raphael Tuck & Sons, Valentine kapena Bamforth. Browne anamwalira mu 1910.

Mphunzitsi wa ku Mkanda: Ena ndi ongosindikizanso. Pitani nawo kwa wa shopu amene ali ndi kanyale koyezera ndalama zachinyengo. Pepala lamakono limawala buluu chifukwa cha mankhwala oyeretsera amene anayamba kuthiridwa cha m'ma 1950. Lakale siliwala. Muyezo wa makhadi akale ndi pafupifupi masentimita 14 kwa 9.

Mai a ku Kapiri: Madonthowo ndi chinyezi, ndipo sachoka, musavutike ndi madzi kapena Jik. Chachikulu n'chakuti asaonjezereke. Osalamineta! Kutentha ndi guluu wake zimamatirira ku utoto, kumatula n'kung'amba. Selotepi nayo imasiya chikasu. Sitampa isiyeni pomwepo.

Ikani khadi iliyonse payokha pakati pa pepala loyera losalembapo, osati nyuzipepala. Muwaimike m'chitini chotseka bwino, muponyemo timapaketi tiwiri kapena titatu ta silika tija timabwera m'bokosi la nsapato. Chitinicho chikhale pamwamba, kutali ndi khoma ndi kukhitchini, poti pansi pali chiswe ndi mphemvu. Dzinja likatha, cha mu Meyi, atulutseni apitidwe mphepo pamthunzi, padzuwa utoto umafwifwa. Mukafuna kulembapo, pensulo basi.

Wa ku Kamwendo: Zikomo nonse. Atatu ali ndi Edward VII, imodzi yawala buluu.