Windows sakuyaka pa hard disk yomwe ili ndi SSD ya cache: ndiyambire pati?

Akuluakulu nonse odziwa za makompyuta, ndikupempha thandizo lanu.

Ndili ndi laputopu yomwe ili ndi hard disk ya 500 GB komanso ka SSD kakang'ono ka 32 GB ka mtundu wa mSATA, kamene kamagwira ntchito ngati cache (posungirapo zinthu mongoyembekezera kuti kompyuta izithamanga) kudzera mu Intel Smart Response Technology. Batire lake linatha kalekale, ndiye magetsi atazima mwadzidzidzi Lolemba usiku, kompyutayo inazima ili mkati moika ma update, ndipo kuchokera pamenepo Windows 10 amangoonetsa chizindikiro chake kenako n'kuyambiranso yekha.

Ndinakonza USB yoikira Windows kuti ndilowe pa Startup Repair, koma siikuona diskiyo n'komwe, chifukwa mu BIOS (menyu ya zoikamo za kompyuta isanayambe Windows) kalumikizidwe ka madiski kali pa RAID, njira imene imachititsa kuti madiski awiriwa azigwira ntchito limodzi. Mnzanga wina akuti ndisinthe pakhale AHCI, njira imene diski iliyonse imaoneka payokha, koma mtima wanga ukukana. Cache ndinaiika pa Maximized mode, imene imayamba yalemba zinthu pa SSD n'kudzazisamutsira pa hard disk pambuyo pake, choncho ndikuopa kwambiri kuti mafayilo ena, makamaka malipoti a kuntchito omwe ndinalemba madzulo omwewo, akadali pa SSD pokha.

Kodi ndi bwino ndiyambe ndalowa mu menyu ya Intel yoyang'anira madiski (imene imatseguka ndi Ctrl+I kompyuta ikamayaka) n'kuchotsa acceleration (cache ija) kuti zonse zilembedwe pa hard disk, kapena ndingoika driver wa RST (Intel Rapid Storage Technology) kudzera pa Load driver n'kukonza Windows cache idakali yolumikizika? Komanso, kodi chkdsk, pulogalamu ya Windows yofufuza ndi kukonza zolakwika pa diski, ingaononge mafayilo ngati madiski awiriwa asanagwirizane?